Keke Yanga M'manja mwa Edel

Lachiwiri, 5 Seputembala
Zotsatira zatuluka. Shuga sanafike poti ndi matenda koma waima pakhomo, ndipo mtsempha umodzi wa mtima wayamba kutsekeka. Adokotala, kamtsikana koti ndikanabereka ndine, akuti batala, kirimu ndi soseji ndichepetse. Kuchepetsa, osati kusiyiratu. Ndizidya nsomba, nyemba, masamba, buledi wakuda, ndiziyendako tsiku lililonse. Kakeke pa tsiku la chisangalalo si mlandu.

Ndauza Edel yekha, kukhitchini kwake. Takhala moyandikana kuyambira tili akwatibwi. Ndati zisatuluke, ngakhale mwana wanga Vibeke asamve mpaka chikondwerero cha zokolola chidutse. Wandigwira dzanja. "Iwe Herdis, ndinayamba ndaululapo chako ine?"

Lachisanu, 8 Seputembala
Phala la oti lopanda shuga, ngati guluu. Ndaduliramo apozi, lasinthako. Ndayenda mpaka kudamu osapumira.

Lamulungu, 10 Seputembala
Khofi wa muholo titatuluka m'tchalitchi. Aliyense pambale pake pali keke. Panga pali nkhaka, zodulidwa mwaluso ndithu. Palibe wondiyang'ana m'maso. Wina wandisisita paphewa ngati namfedwa.

A Preben, apampando a komiti ya holo, andikokera pambali. "Chaka chino mupume, mayi Herdis, mtima sitisewera nawo. Edel wadzipereka kuphika keke yanu ija ya zipatso."

Yanga ija. Ndinamuphunzitsa ndine, pa ukwati wa mwana wake.

Nkhakazo ndadya zonse kuti manja apeze chochita.

Lolemba, 11 Seputembala
Kwa E. sindinapiteko.

Lachitatu, 13 Seputembala
Pobwera koyenda ndapeza chitseko chili chotsegula. Edel ali m'khitchini mwanga, walowa ndi kiyi amene ndinamusungitsa kalekale. Makabati ali pululu. Batala, shuga, ufa, jamu yemwe ndinapanga mwezi watha, zonse m'majumbo.

"Ndikukuchotsera mayesero," akutero.

"Ndinakuuza chiyani ine?"

"Mwamuna wanga uja ankabisa chimodzimodzi, mpaka ndinakamutola m'galaja atazizira kale. Sindikufuna kuikanso maliro ena."

Pamenepo mtima unatsala pang'ono kufewa, chifukwa tsikulo ndinalipo, ambulansi ndinaitana ndine. Kenaka ndinaona zitini zanga zophikira keke zikusuzumira m'jumbo lina.

"Nanga zitinizo nazonso zimakweza shuga?"

Wayang'ana pansi. "Zako n'zazikulu. Zanga sizingakwane anthu onse aja."

Madzulo Vibeke waimba kuchokera kumzinda wa Aarhus, akulira. "Amayi, zoterezi ndizimva kwa azakhali Edel?" Zochotsa zinthu m'kabatizo akuti anagwirizana awiriwo pafoni. Ndimafuna kumuuza ndekha, titakhala pansi.

Lachinayi, 14 Seputembala
Nsomba yowotcha mu uvuni, kabichi wofiira, mbatatesi ziwiri zazing'ono. Mchere pang'ono, mandimu ambiri. Zakoma, mpaka ndakwiya. Sabata yonse ndatsata za adokotala popanda wapolisi, koma mudzi wonse ukundiona ngati kamwana kakuba shuga.

Lamulungu, 17 Seputembala
Chikondwerero. Ndavala diresi yobiriwira, ndapita. Keke ili pakati pa tebulo lalitali, yapendekeka mbali imodzi koma palibe wanenapo. A Preben aimirira n'kuthokoza "manja odala a Edel". M'manja pwapwapwa. Dzina langa silinamveke.

Ndadzidulira kachidutswa ngati chala, monga anandilolera adokotala. Foloko isanafike n'komwe, mbale yachoka. Edel waikweza m'mwamba kuti onse aone. "Ayi ayi, uyu sadya zimenezi. Muzimuyang'anira, ndi wochenjera."

Anthu aseka. Mwachikondi, ndikudziwa. Koma aseka.

Ndatenga jasi, ndabwerera wapansi. Panjira pachifuwa panathina, ndinakhala pabenchi ya pasiteji ya basi mpaka patamasuka. Kaya ndi mtsempha uja, kaya ndi Edel. Mawa ndiimbira adokotala.

Lolemba, 18 Seputembala
Andiyeza, akuti palibe chatsopano koma zikachitikanso ndisadikire kucha. Ndauza Vibeke ndekha, zonse. Pobwerera ndadutsira kwa wokonza maloko.

Lachiwiri, 19 Seputembala
Loko wasinthidwa m'mawa. Masana ndili patebulo, supu wa nyemba ndi buledi wakuda, ndamva kiyi akulowa pachitseko. Wakana. Wayesanso, wagwedeza chogwirira. Kenaka zii.

Ndiye wagogoda. Chiyambire sanagogodepo pakhomo pano.

"Herdis, ndine. Ndabweretsa zitini zako. Ndazitsuka."

Ndimamuona chithunzithunzi pagalasi la chitseko, atazikumbatira pachifuwa, mvula ikuwaza. Supu anali akadali wotentha. Ndapitiriza kudya.