Foni ndi ya apongozi

Gulu: App ya Chikumbutso
Raphael, Maliko, Nyamazizi
Lachitatu

09:12 Raphael: Zizi uli kuti? madam Sarah ndi alendo a ku bungwe afika 2 koloko kudzaona app. ndikufuna tonse pa ofesi pano pa Mtakataka by 1

09:20 Raphael: Zizi

09:34 Nyamazizi: ndili kunyumba a Raphael. ndikusankha mpunga

09:35 Maliko: kkk mpunga wa ukwati? mpaka pano?

09:41 Nyamazizi: uli ndi timiyala tambiri

09:42 Raphael: timiyala tidikire. batch yoyamba yapita 7 koloko, ma sms 40 okumbutsa odwala, onse delivered. error olo imodzi. yachiwiri ya anthu 212 ipita 14:00 alendo akuonerera

09:43 Maliko: clean bigman

09:58 Nyamazizi: uthenga wake munasintha?

09:59 Raphael: eya ndinaukonza dzulo. wakale uja sumamveka. "musaiwale tsiku lanu Lachisanu." tsiku lanji? la chinkhoswe?

10:00 Raphael: pano ukuti "Moni a Uje, bwerani kuchipatala Lachisanu mudzatenge ma ARV anu." dzina lenileni la munthu. personal touch, ma donor amakonda zimenezo

10:03 Nyamazizi: munayesa kaye pa manambala athu atatu?

10:04 Maliko: test yeniyeni ndi live aise. zoyesa pa manambala abodza ndi za kusukulu

10:06 Nyamazizi: column ija ya "mwini foni" ilipo?

10:07 Maliko: iti? ija munali "aneba", "apongozi", "amuna awo", "a katekisiti"? ndinaichotsa last week, imakanitsa import

10:07 Maliko: ndimayesa ndi manotsi ako chabe

10:31 Nyamazizi: Uthenga uwu wafufutidwa

10:32 Maliko: voice yako sinamveke Zizi. ndangomva nkhuku ndi munthu akulira chapansipansi

10:33 Nyamazizi: ndinadina mwangozi

10:37 Nyamazizi: pali mayi pano. afika cha m'ma 8, akhala pa mkeka, tikusankha limodzi. alibe foni. tsiku lija ndinkalemba anthu kuno ku Golomoti anandipatsa nambala ya apongozi awo, ndipo ndinalemba choncho mu column ija

10:39 Nyamazizi: apongoziwo sadziwa kuwerenga. anapita nayo foni kuchigayo, wina wawawerengera sms yathu ija mokweza pamzere

10:40 Maliko: eish

10:41 Maliko: Uthenga uwu wafufutidwa

10:41 Nyamazizi: fufuta dzinalo Maliko. usalembe mayina a anthu muno

10:42 Maliko: group ndi yathu yomwe. ndangoona pa list, row 17

10:42 Nyamazizi: fufuta

10:43 Maliko: done

10:55 Raphael: [mawu 1:52]

10:58 Maliko: bigman kuti 97% success apa sizikukoma

10:59 Raphael: ndi case imodzi pa 40. tiziyendera data osati chisoni. ndipo mayiyo anasaina consent, nambala anapereka yekha

11:04 Nyamazizi: anasaina nditawauza kuti uthenga sudzatchula dzina kapena mankhwala. ndinawauza ndi pakamwa panga

11:05 Raphael: ndiye vuto ndi data entry. ukanalemba yes kapena no, osati mbiri ya apongozi

11:06 Raphael: Maliko bwezera column tione

11:09 Maliko: backup inali pa flash ija

11:09 Raphael: iti

11:10 Maliko: yomwe tinaikamo nyimbo za pa ukwati wa Jeremiah

11:10 Raphael: iwe

11:11 Maliko: munandiuza nokha kuti ndiformate

11:38 Nyamazizi: ndili ndi kope lomwe ndinkalembamo poyamba. ndawerenga kawiri. pa 212 aja, 88 mafoni si awo, ndi a eni

11:40 Maliko: bigman tibwezere uthenga wakale basi. 5 minutes zokha

11:41 Raphael: madam ndinawatumizira kale screenshot ya watsopano, anaukonda. ndisinthenso lero ndioneke ngati sindidziwa chomwe ndikuchita?

11:42 Maliko: kapena tichotse 88 aja

11:43 Raphael: pa report ndinalemba 212. miyezi 8 tikuvutikira tsiku limeneli. za mafoni obwereka tikonza mu version 2

11:43 Raphael: asagwire system aliyense mpaka alendo apite. team lead ndine

11:44 Maliko: ok bigman

11:46 Nyamazizi: a Raphael

11:46 Raphael: chani

11:53 Nyamazizi: palibe

12:15 Raphael: wanyamuka? uvale t-shirt ya project

12:40 Raphael: Zizi pls

12:52 Raphael: waimba, sanayankhidwe

13:05 Raphael: usaiwale kuti a MSCE ofuna malo akowo ndi ambiri pa Mtakataka pano. ndinakutenga usakudziwa olo kuyatsa laptop

13:18 Maliko: Zizi yankha aise, mkuluyu akuyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira

13:18 Raphael: ndikuwerenga Maliko

13:19 Maliko: sorry ndimayesa ndi inbox

13:24 Nyamazizi: ndinaperekeza mayi aja kwa achemwali awo ku Mua. kwawo katundu wawo waikidwa panja. amuna awo amadziwa, nawonso amamwa mankhwalawo, koma ali ku Joni ndipo foni sakuyankha

13:25 Raphael: zachisoni. tidzawaona mawa ngati team. kwera minibus

13:41 Raphael: Maliko queue ikuonetsa 0. wapanga chani

13:41 Maliko: ndili panja pano ndikugula madzi a alendo

13:42 Raphael: ndani walowa ngati admin

13:42 Maliko: tonse timalowa ngati admin. password ndi imodzi ija ili pa khoma

13:43 Raphael: log ikuti ndani

13:43 Maliko: ikuti admin

13:45 Raphael: yanditulutsa. password ikukana

13:46 Raphael: waimba, sanayankhidwe

13:47 Raphael: waimba, sanayankhidwe

13:49 Nyamazizi: ndine a Raphael. ndayimitsa pa foni, ndasinthanso password

13:49 Raphael: wapenga? bweza pompano

13:50 Raphael: [mawu 0:47]

13:52 Nyamazizi: sindimvera voice, ndili mu minibus. mungowerenga

13:53 Nyamazizi: miyezi 8 ndakhala chete. Maliko akachotsa chinthu osafunsa amene anachiika, ndimati mwina ndi mmene zimakhalira. inu mukasintha code nokha wina osaiona, ndimati ndinu odziwa. nditanena kuti aliyense akhale ndi password yake munati ndisiye za pa youtube. ndinasiya

13:54 Nyamazizi: inu anthuwa mumawadziwa ndi row. ine ndinakhala pa makonde awo, anandipatsa madzi, ena ankanong'ona poyankha kuti ana asamve. kuno foni si ya munthu mmodzi. imagona kwa aneba, imachajidwa ku barbershop, imawerengedwa ndi amene anafika standard 8. mukuzidziwa, munakulira konkuno

13:55 Nyamazizi: mwati imodzi pa 40. 39 enawo simunawafunse. kungoti sadziwa kwathu

13:55 Maliko: Zizi column ija ndinalakwa ndine

13:56 Nyamazizi: unalakwa, ndipo utadziwa unati ok bigman

13:56 Nyamazizi: mayi aja sanandikalipire. anangondifunsa kuti mwana wanga, ndinakulakwira chiyani. kenako ndikutsegula foni ndikupeza mukukamba za screenshot. zandinyansa a Raphael. ndadzinyansa ndi ine ndemwe kuti 11:53 ndinalemba palibe

13:57 Raphael: galimoto yalowa pa gate. tikambirana bwinobwino pambuyo, chonde chemwali

13:58 Nyamazizi: ndifika cha m'ma 2:15. password ndiwapatsa madam Sarah inu mulipo, nditawafotokozera za 40 aja, chfkw pali anthu ofunika kuwafikira lero dzuwa lisanalowe. malo angawo mukhoza kupatsa wina

13:58 Raphael: ndiye ndiwaonetse chani? 0?

13:59 Nyamazizi: muwaonetse 0 yemweyo. ndi chokhacho tachita bwino lero