Njira ya pa Mkuyu Yalowa M'mayeso

Lisboa,
14 Malichi, 1967

Achimwene anga a Selemane,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Kodi muli bwanji kumeneko ku Mandimba? Nanga mayi, chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno thupi lili bwino ndipo kuzizira kwayamba kutha, koma mtima ndiwo suli m'malo. Mukafika kumapeto kwa kalatayi mudziwa chifukwa chake.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira Juma, mnzanga wophika m'sitima ya pamadzi yopita ku Nacala, ndipo iye akaipereka kwa mlamu wake wa panjanji kuti aifikitse ku Cuamba. Musapite nayo kwa mphunzitsi kuti akuwerengereni. Werengani nokha, ngakhale zikutengereni masiku awiri. Nsalu ya mayi ija ndinagula kalekale, koma Juma wakana katundu ulendo uno, akuti pepala lokha likumulemera kale.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yophunzitsa Chinyanja pa sukulu yaukachenjede. Chimene sindinakufotokozerenipo ndi mmene maphunziro amayendera. Kuno mphunzitsi sangodzuka n'kuphunzitsa za m'mutu mwake. Chigawo chathu cha zilankhulo chili ndi bungwe la akuluakulu asanu ndi awiri, limene limakumana katatu pachaka. Ndilo limanena phunziro loyamba ndi lotsatira, maola ake pamlungu, mabuku oti awerengedwe ndi zoti zifunsidwe pamayeso. Likadinda chinthu, chadindidwa basi. Ine amandiitana akamakamba za Chinyanja zokha. Mpando wanga uli pafupi ndi chitseko, ndimayankha ndikafunsidwa, koma pokweza manja langa saliwerenga.

Chaka chimene ndinafika, nkhondo isanayambe, bungweli linaona kuti ophunzira atopa ndi ziganizo za m'buku lakale la ansembe, za mbuzi yadya chimanga ndi mwana wagwa m'chitsime. Wapampando, mkulu wadazi wosasiyana ndi kaliwo wake, anandiuza kuti ndilembe nkhani khumi ndi ziwiri za moyo weniweni wa kwathu. Ndinakondwa ngati mwana woguliridwa nsapato. Ndinalemba za mayi akufulula thobwa, za ukwati wa mlongo wathu Zuhura, za chaka cha dzombe chija. Yachisanu ndi chinayi ndinalemba za inu.

Ndinalemba mmene mumapikulira nsomba zouma ku nyanja ya Amaramba, mmene mumazimangira panjinga mpaka inu osaoneka, ndi mmene mumazembera alonda a pamalire. Ndinatchula zonse: kuti mumakhotera kuseri kwa mzikiti, kutsika ndi dambo, kuwoloka pa mkuyu wogwa uja, n'kutulukira ku Malawi dzuwa lisanatenthe. Sindinasinthe dzina ngakhale limodzi. Masiku amenewo inali nkhani yoseketsa, mudzi wonse unkaidziwa. Komanso ndinene zoona, ndinkafuna kuti dzina la kwathu lilowe m'buku. Bungwe linawerenga, linaseka, linadinda. Anasindikiza timabuku, dzina langa lili pachikuto, pansi pa la wapampando amene sanalembemo chiganizo n'chimodzi chomwe.

Kenaka nkhondo inafika kwathu ku Niassa. Chakumapeto kwa 1965 Juma anandinong'oneza zimene anamva kwa mlamu wake, kuti njira ya pa mkuyu siikunyamulanso nsomba zokha, kuti mabanja othawa akudzera pomwepo, ndiponso kuti wowatsogolera ndinu. Mwezi womwewo bungwe linagamula kuti Chinyanja chisakhalenso chosankha, aliyense wa chaka chomaliza achiphunzire. Poyamba ndinali ndi ophunzira asanu, tsopano makumi anayi. Ndinayenda modzimva masiku awiri, mpaka nditazindikira kuti anyamatawa akangomaliza sukulu boma limawaveka zausilikali n'kuwatumiza kwathu kukalamulira asilikali.

Ndinathamangira kwa mlembi wa bungwe kukapempha kuti nkhani yachisanu ndi chinayi ichotsedwe. Iye anati malamulo salola kusintha zodindidwa ndi pakamwa. Pempho lilembedwe, likhale ndi chifukwa, ndipo lidikire msonkhano wotsatira. Chifukwa chenicheni ndikanachilemba bwanji? Kukanakhala kukuperekani ndi dzanja langa. Ndiye ndinanama kuti Chinyanja cha m'nkhaniyo n'cholakwika, kuti ndinailemba mothamanga.

Apa ndi pamene ndinaonongera zonse. Bungwe linasankha anthu awiri kuti afufuze, ndipo iwo anatumiza nkhaniyo kwa wansembe wina wopuma amene anakhala ku Niassa zaka makumi atatu. Wansembeyo anayankha kuti mulibe cholakwika, ndipo kuti pa nkhani zonse khumi ndi ziwiri imeneyi ndiyo yokoma koposa. Pamsonkhano wapampando anandiyamikira kuti ndine wodzichepetsa, n'kupempha anzake kuti nkhaniyo ikhale ya mayeso, wophunzira aliyense ailoweze pamtima. Manja asanu ndi awiri anakwera. Kenaka anatembenukira kuchitseko kuja n'kundifunsa ngati ndili ndi mawu.

Achimwene, ndinaimirira n'kuthokoza! Ndikanatha kunena kuti njirayo ndinangoipeka. Ndikanatha kukana, andichotse ntchito ngati afuna. Ndinaopa, palibe dzina lina loti ndichitche. Ndipo ndikanangokhala chete pachiyambi pomwe, mwina nkhaniyo ikanangogona pakati pa buku, ophunzira aulesi n'kumaidumpha monga amadumphira zinazo.

Mwezi wa Juni chaka chatha ndinakhala tsiku lathunthu ndikumvetsera anyamata makumi anayi, mmodzimmodzi, akutchula dzina lanu, mzikiti, dambo ndi mkuyu. Amene ankasokoneza njira ndinkalakalaka kuwakumbatira, koma wapampando anali pambali panga ndi pensulo yake, ndiye ndinkawakonza. Ineyo ndi pakamwa panga ndinkawauza kuti ayi, kumanzere kwa dambo, osati kumanja.

Amene anapambana onse ndi Duarte, mnyamata wamtali wokhala ndi chipsera pachibwano. Dzulo masana anabwera kudzanditsazika atavala zausilikali. Amutumiza ku Mandimba, ndipo anyamuka pakatha milungu itatu. Sitima ya Juma inyamuka mawa, choncho kalatayi iyenera kumutsogolera. Anandionetsa kabuku kaja kali m'thumba la malaya, makona atapindika ndi kuwerenga. Anati akangofika akafunafuna mayi athu a Rukiya kuti awapatse moni wanga, ndipo akufunitsitsa kugwirana chanza ndi Selemane wa njinga. Zonsezi ananena m'Chinyanja chosalala, cha ine ndemwe, moti mukanamva muli kuseri kwa chitseko mukanati ndabwera.

Si munthu woipa mtima. Nthawi ina nditadwala anakwera masitepe onse a kunyumba kwanga ndi malalanje. Koma ali ndi akuluakulu ake, ndipo tsiku limene adzamufunse kumene anthu akutulukira, yankho analoweza kale, ndipo anakhoza nalo bwino.

Pempho langa ndi limodzi, ngakhale lili ndi nthambi. Njira ya pa mkuyu muisiye tsiku lomwe mulandire kalatayi, ndipo muchenjeze onse amene amaidalira. Pamaso pa msilikali wachizungu musalankhulenso momasuka poganiza kuti sakumva. Duarte akabwera pakhomo mulandireni, mupatseni mpando ndi madzi. Koma akafunsa za m'buku, muuzeni kuti mng'ono wanu ndi wabodza chibadwire, kuti nsomba mumagulitsa pamsika wa Mandimba pompo, ndipo kuti ine ndinapita ku mishoni, ndinasintha dzina, simundiwerengeranso ngati m'bale. Mayi nawo anene chimodzimodzi ngakhale ziwapweteke. Duarte akandilembera modandaula, ndidzavomera kuti ndinapeka zonse. Ulemu wanga wa kunowu uthe, si kanthu.

Sindiiwala kuti njinga yomweyo ndiyo munandinyamulirapo masiku awiri mpaka ku Cuamba kuti ndikayambe sukulu, bambo akukana. Munaikankha m'mapiri onse ine nditakhala pampando, muli kundiuza kuti ndikaphunzira ndidzatchukitsa banja. Ndalitchukitsa, achimwene. Anthu makumi anayi akudziwa dzina lanu pamtima, ndipo chaka chino bungwe lavomereza ena makumi asanu. Pepani. Ndikuchita manyazi osaneneka.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti nsalu yawo ndi ya maluwa obiriwira monga ankafunira. Moni kwa alamu anga a Asima ndi ana onse, kwa Zuhura ndi amuna ake a Issa ku Ngauma, ndiponso kwa azakhali ku Etatara ngati kukupitika. Musandiyankhe pa pepala. Mukangouza mlamu wa Juma kuti nsomba zatha, ndidzadziwa kuti mwamva.

Mukatha kuwerenga, kalatayi muiponye pamoto. Pa zonse zimene ndalemba kuno, ndi yokhayi imene ingafafanizike popanda chilolezo cha bungwe.

Ndine amene ndakupemphani kuti mundikane,
mng'ono wanu Saide,
amene kuno amamutcha Silvestre.