Bambo Aang'ono a M'buku la Ilinca

LACHINAYI

Traian 09:14
achemwali ndafika page 88 ya buku la Ilinca. bambo aang'ono oyendetsa lole, dzino lagolide, opereka mbale wawo kwa aboma. dzino lagolide mu Brăila monse ndili nalo ndekha

Ortansa 09:31
ndi nthano chabe iwe. Ilinca sanatchule dzina lako

Traian 09:33
wandichitira chifundo. inu machaputala atatu, azakhali oyera mtima onyamula buledi ndi soseji kupita kundende. ine mapeji anayi. awiri ndaledzera

Ortansa 09:50
uli kuti kodi

Traian 09:51
m'sitima. Timișoara. mawa Brașov. loweruka kwanuko, pa chikumbutso cha achimwene Gavril

Ortansa 10:05
nkhani ndi imeneyo. alamu ako a Floarea akuti usaponde kutchalitchi, kumanda komwe. akuti buku la mwana wawo lawatsegula maso. akuti amene ankapatsidwa pasipoti nthawi ya chikomyunizimu ija ndiye ankalembera aboma za anzake

Traian 10:07
maso atseguka patatha zaka 40. khofi wanga wa ku Istanbul ankamwa atatsinzina eti

Traian 10:12
bukuli likuti achimwene anaseka mtsogoleri wa dziko tsiku lopha nkhumba ya khirisimasi, ine nkukanena. disembala ameneyo ndinali ku Baghdad. lole itafa. milungu isanu

Ortansa 10:20
awonetse zidindo

Traian 10:21
pasipoti tinkabweza ku ofesi tikangofika. mwaiwala? umboni wanga ndinu. auzeni plz. inu amakumverani, ndinu woyera wa m'buku

Traian 11:40
achemwali

Traian 15:02
patebulopo tsiku lija panali ndani kodi

LACHISANU

Ortansa 08:10
ndikuphika tirigu wa colivă, chakudya cha pa chikumbutso chija. manja ali bize

Traian 08:12
ndawerenganso chaputalacho. Ilinca walemba bwino, ndisaname. pakhomopo panali achimwene, alamu, iye ali wakhanda, inu, ndi nkhumba. nkhumba inali itafa kale

Traian 09:30
ndikuona kt mwawerenga

Ortansa 12:47
🎤 uthenga wa mawu 3:12

Traian 13:20
ndamvera kawiri. network ya m'mapiri

Traian 13:22
ndiye apolisi achinsinsi anakuitanani januwale. fayilo yanga ili patebulo. makatoni a fodya amene ndinkabisa m'matayala. zaka 10 m'ndende kwa ine, kapena muwalembere kenakake

Ortansa 13:25
ndinasankha kakang'ono kwambiri. nthabwala ya munthu woledzera. ndimati Gavril amukalipira nkumusiya

Traian 13:26
zaka 4

Ortansa 13:26
ndikudziwa kuwerenga zaka zimene anakhala m'ndende. ndimapitako mwezi ndi mwezi ndi chikwama, si iwe

Traian 13:31
fodya uja achimwene ankasutanso. ankati ngwabwino

Ortansa 13:58
Gavril sanadziwe mpaka kumwalira. ankati mwina woyandikana nawo nyumba. iwe sanakuganizirepo

Ortansa 14:15
mawa pa chakudya Ilinca awerenga gawo la ine pachipata cha ndende. andiikira mpando kutsogolo. wansembe wagula mabuku awiri

Ortansa 14:16
ndiimirire ndinene?

Ortansa 16:40
Traian yankha. ukati nena ndinena

LOWERUKA

Traian 07:05
musanene. Floarea ndi amene amakubayani jakisoni wa shuga m'mawa uliwonse. ine sindidziwa kugwira singano

Traian 07:06
komanso mwana angalembenso buku lonse? zaka 6 wavutika nalo

Ortansa 07:09
nanga iwe

Traian 07:11
ine ndinapita ku Istanbul kokwana 30 m'bale wanga akusenda mbatata kundende. sanalakwitse kwenikweni. wangolakwitsa munthu wosaina

Ortansa 07:30
bwera basi. ukaime kumbuyo, kuseri kwa mitengo. ndikubisira colivă m'kapu

Ortansa 09:48
ndili pa siteshoni. yako ya 9:55 eti

Ortansa 09:57
yaima. uli ngolo iti

Ortansa 09:59
Traian anthu atha kutsika

Ortansa 10:01
📞 sanayankhe

Traian 10:06
ndakuonani pa windo, sindinatsike. mpango wakudawo wakukhalani. thamangani, mpando wakutsogolo ungatengedwe

Traian 10:07
muwayatsire kandulo achimwene. musanene kt ndi yanga