Rimoti ya ampu ili ku Msoro

Chilenje, Lusaka
Ogasiti 1997

Okondedwa alongo anga a Edwell,

Muli bwanji kumeneko ku Kakumbi? Amayi mwendo uja unaleka kutupa? Nanga alamu ndi ana, ndi kamtsikana kanga Margaret, kakudya bwino? Ndinakumana ndi mayi wina wa ku Mfuwe pamsika, anandiuza kuti njovu zinalowa m'dimba la amayi n'kusiya ziputu zokhazokha. Pepani. Ndikanakhala ndi chotumiza ndikanatumiza, koma kalata ino ikubwera kudzapempha.

Ine ndilipo. Ndingonena choncho, za thupi langa tidzakamba tsiku lina. Kuno ndi mphepo ndi fumbi, madzi pampopi amabwera akafuna, ndipo mumsewu mwathu muno sabata sipita osaona tenti ya maliro pakhomo pa wina.

Alamu anu a Onesmus sali bwino. Kuchipatala anatibweza mwezi watha, anati mankhwala amene atsala ndi oti azimwera kunyumba. Munthu wamkulu akauzidwa choncho safunsanso kawiri. Mukawaona simungawadziwe. Munthu uja ankatseka khomo lonse akaima, lero ndimawanyamula ndekha popita nawo kosamba, ndipo sinditopa. Kuchipinda anakana, akuti kuli mdima. Ndinawayalira matiresi pabalaza, kutsogolo kwa zipangizo zawo zija.

Mukuzikumbukira. Kampani yawo itatsekedwa n'kuwapatsa zowatsanzika, anzawo anagula maminibasi, ena mapuloti, iwo anabwera ndi TV yaikulu, deki ya vidiyo, ampu yokuzira mawu ndi masipika asanu. Ndinalira, ndinanyanyala, iwo kumangoseka. Ankati munthu wobadwira ku Msoro, amene anayamba kuona kanema pakhoma la mishoni ndevu zitamera kale, ayenera kukhala ndi bayisikopo yakeyake asanafe. Nthawi imeneyo mawuwo anali nthabwala. Chipangizo chilichonse chinali ndi rimoti yake, ndipo marimoti atatuwo ankawandandalika pakathebulo, wina asayerekeze kukhudza.

Tsopano mverani zimene zachitika. Abale awo atamva za kuchipatala anabwera kudzazonda matenda: mng'ono wawo Abson wa ku Matero, mlongo wawo Queen, ndi amalume awo a Paskale kuchokera ku Msoro. Anapemphera, analira, ine ndinawaphikira. Atapita ndinapeza pakathebulo pali mbee. Ndinasesa nyumba yonse, ndinatembenuza mipando, ndikuganiza kuti mutu wanga wayamba kusokonezeka. Kenako Queen anandiuza yekha, wopanda ndi manyazi omwe, kuti anagawana. Abson anatenga rimoti ya TV, iye ya deki, amalume ya ampu. Akuti katundu sanakhudze, munthu akadali moyo, iwo si mfiti. Angotenga makiyi ake kuti tsiku lija likadzafika pasadzakhale kukangana. Mukudziwa mmene kwathu munthu amamangira mfundo paudzu akapeza malo a dimba, kuti wobwera pambuyo adziwe kuti pali mwini. Ndi zimene achita. Kugona pakati n'kuyambirira, ndipo iwo ayambiriradi.

Za katunduyo ine ndilibe nazo mawu, alongo. Ndaona akazi anzanga muno mu Chilenje akutsala ndi mphasa ndi poto mmodzi, ine sindine wapadera. Atenge. Chimene chikundidya mumtima ndi china.

Pali tepi ya ukwati wathu, ija munajambula inu ndi kamera imene munabwereka kwa mzungu wa pa loji ya alendo imene mumagwirapo ntchito. Chithunzi chimagwedezeka ngati munali m'bwato, anthu ena munawadula mitu, koma apongozi anga malemu, amayi awo a Onesmus, alimo bwinobwino pamene anaimirira pansi pa mtengo wa mango kutilangiza. Mawu awo padziko pano atsala pokhapo. Alamu anu mafilimu a nkhondo aja sakuwafunanso. Akufuna tepi imeneyi m'mawa ndi masana, ndipo akufuna kumva mayi awo akulankhula.

TV ndi deki ndimatha kuyatsa ndi chala, zili ndi mabatani kutsogolo. Chithunzi chimabwera, mawu ndiwo palibe. Sipika ya m'kati mwa TV inapsa dzinja lija mphenzi inagwa pafupi ndi nyumba, alamu anu n'kunena kuti munthu wa masipika asanu salirira kasipika kamodzi. Choncho mawu onse amadzera mu ampu. Ampuyo batani lake losinthira pakati pa wailesi ndi deki linafa kalekale, ankangosintha ndi rimoti. Tsiku limene amalume ankanyamuka, alamu anu anali akumvera nkhani, ndiye ampu inatsalira pa wailesi, ndipo ili pomwepo mpaka lero. Tsiku lina ndinaiyatsa tepi ikuyenda, ndimati mwina mwamwayi. Pa TV ine ndili m'velo ndikumwetulira, m'masipika onse asanu munthu akuwerenga mauthenga a maliro. Alamu anu anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatembenukira kukhoma. Sindinaiyatsenso.

Musaganize kuti ndangokhala manja lende. Ndinaitana wokonza mawailesi, anatsegula ampu n'kunena kuti kachitsulo kake muno mu Zambia mulibe. Ndinapempha a neba kuti andibwereke TV yawo yaing'ono masana amodzi. Mayiyo anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisawaone oipa, koma chilichonse cholowa m'nyumba muno masiku ano chidzatengedwa ngati cha a Onesmus. Sindinawakwiyire, ananena zoona. Zoti ndiwanyamule tikaonere kwa eni ake, alamu anu akukana, safuna anthu awaone mmene alilimu.

Wokonza mawailesi uja ndiye anandiuza kuti m'masitolo a ku Kamwala muli marimoti olamula zipangizo zonse pamodzi. Ndinapita. Mwini sitolo anandiikira awiri pakauntala. Yoyamba imabwera ndi kabuku ka manambala. Umapeza dzina la chipangizo chako, n'kudina nambala yake, rimotiyo n'kuyamba kuchilamula. Yachiwiri akuti ndi yophunzira. Umaigoneka pathebulo moyang'anizana ndi rimoti yakale, mutu ndi mutu, n'kudina batani pa yakaleyo, ndipo kagetsi kofiira kakaphethira ndiye kuti yamva, siidzaiwalanso. Ndinaima nthawi yaitali ndikuwayang'ana, mpaka mwini sitolo anandifunsa ngati ndikupemphera. Ndinasankha ya manambala, chifukwa imeneyo siifuna kuti ndikagwadire munthu.

Tsiku limenelo alamu anu anatsitsimuka. Anakhala tsonga n'kuvala magalasi, iwo kuwerenga manambala, ine kudina. TV inamvera. Deki inamvera. Ampu dzina lake m'kabukumo munalibe, paja ndi ija anagula kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Dubai, ya dzina losatchulika. Tinayesa manambala a maampu ena onse, tsamba ndi tsamba, ampu ili duu. Pamapeto anati maso atopa, ndiwavule magalasi.

Ndinabwerera ku Kamwala. Mwini sitoloyo ndi munthu wachifundo, anandisinthira n'kundipatsa yophunzira ija. Anandichenjeza kuti payokha ndi mbuli, popanda yakale siidziwa kanthu. Ndinafuna ndione ngati imaphunziradi ndisanakuvuteni inu, ndiye ndinakwera basi ya ku Matero n'kukagwada pamaso pa Abson. Abson yemweyu, amene ndinkamuphikira ndi kumuchapira akuphunzira ku sekondale, akugona pabalaza lomweli. Anabwera Lamlungu atatenga yake ndi ya Queen. Anaima pamutu panga nthawi yonse imene yatsopanoyo inkaphunzira, akufunsa ngati siikuyamwa mphamvu ya zawozo. Titamaliza anazibwezera m'thumba la jekete, anapempherera mkulu wake, n'kumapita.

Imaphunziradi. Tsopano alamu anu amagona nayo m'manja, amabweza tepi okha ali chigonere, ndipo ndi ntchito yokhayo imene yawatsalira. Mabatani a ampu ndiwo ali opanda kanthu. Akudikira mphunzitsi wawo amene ali ku Msoro, m'nyumba yopanda magetsi.

Pempho langa ndi limeneli, alongo. Tengani njinga mupite kwa a Paskale. Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo ya alendo pa loji, bwana wanu sapereka tchuthi, ndipo ulendowo si wapafupi. Koma mtsinje wa Lupande waphwa, mutha kuwoloka. Mukapanda kuwapeza pakhomo mukawafune kogulitsa thonje. Mukalankhule nawo mwaulemu, musakapse mtima monga mumachitira. Mukawauze kuti ampu ndi masipika ndi zawo, ine Esnati sindidzatsutsa pamaso pa munthu aliyense. Rimotiyo ingobwera kudzacheza masana amodzi, iphunzitse inzake, ibwerere kwa mwini wake.

Ndisakubisireni, ndinawalembera kale ndipo sanayankhe. Uthenga umene unandipeza kudzera mwa Queen ndi wakuti iwo amadziwa machenjera a akazi a m'tauni, akuti yatsopanoyo ikangophunzira ndiye kuti kiyi wawo wasanduka chidole. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma awa sindikudziwa. Mwina nkhope ya mwamuna mnzawo adzaichitira manyazi.

Akakupatsani muonetsetse. Ndi yakuda, yaitali, ya batani lofiira pamwamba. Muchotse mabatire, kutentha kwa kwathuko kumawachititsa kudontha, mwinanso awononga kale m'kati. Muikulunge m'nsalu n'kupatsa kondakitala wa minibasi ya ku Chipata amene mumamukhulupirira, iyeyo akapatse wa basi ya ku Lusaka. Ine ndizikafunsa kusiteshoni.

Ndikulemba zonsezi koma mtima wanga sukukhulupirira. Kalata ikupezeni, inu mupeze tsiku, amalume avomere, basi isafere panjira, rimotiyo ifike yamoyo. Ndikaganiza kutalika kwa zimenezi n'kuyang'ana pamatiresi, ndimaona kuti sizikumana. Ndatopa, alongo, ndipo ndili ndi mantha. Komabe sindingakhale osayesa.

Pakadali pano mawu a tepiyo ndine. Apongozi akaimirira pansi pa mango paja, ine ndimakhala pambali pa TV n'kumanena zimene ananena, m'Chikunda chawo chija, monga ndikukumbukira. Munalipo pamene anaseketsa anthu onse. Anati ndimusamale mwana wawoyu, anathawapo mbuzi ya ku mishoni n'kukwera mumtengo wa bwemba ali kale mnyamata wogwira khasu, ndipo munthu wamantha chotere ndisamamusiye yekha mumdima. Masiku oyamba alamu anu ankandikonza paliponse. Ankati amayi sanayambe ndi mbuzi, anayamba ndi kuthokoza ansembe. Ankati ndikuthamanga, ndidikire amayiwo atseke pakamwa. Ankati kuseka kwa amayi awo sindikutha, ndikuseka ngati wa mu Lusaka. Tinkakangana ndithu, ndipo ine ndinkakondwa kumva akukangana nane.

Dzulo ndinalakwitsa dala. Ndinati anathawa nkhuku. Maso awo anali otsegula, akuyang'ana pakamwa pa mayi awo, rimoti ili m'manja. Sanandikonze.

Choncho mukamva dzina la alamu anu pa mauthenga a maliro a pa wailesi musananyamuke kupita ku Msoro, njingayo musaivutitse. Rimoti ikhale komweko kwa mwini wake. Mungobwera inu ndi amayi, ndidzafuna munthu woima pambali panga pamene akutulutsa katundu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamapite okha kudimba njovu zikadali pafupi. Moni kwa alamu ndi ana onse, kwa azakhali a ku Mfuwe, ndi kwa amayi a kwaya amene anaimba pa ukwati wathu, nawonso pa tepi akungoyasama. Margaret musamuuze zambiri. Mungoti atate ake amamufunsa, ndipo si bodza.

Ndilekeze pano. Ndikumva tepi ikubwerera m'deki, akufuna tiyambirenso. Lero ndinena mbuzi.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu,
Esnati