Jekete ya Matthew

Lachiwiri, 28 Okutobala 2025

Brampton, ku Canada. Mvula kuyambira m'mawa. Mwana wanga Tiyanjane walandira laisensi yosakira agwape. Akufuna kupita Lolemba, kunkhalango komwe bambo ake ankapita chaka ndi chaka. Miyezi isanu ndi iwiri chimwalirire mwamuna wanga Matthew. Mfuti yake tsopano ili m'dzina la mwanayu. Akuti ndimuperekeze. Ine? Zaka zonsezi sindinapondeko, ndinkangolandira nyama pakhomo.

Ndavomera. Ayende yekha m'thengo ndi mfuti ine ndili moyo?

Lachinayi, 30 Okutobala

Takangana. Akufuna kuvala jekete ya bambo ake, ya olenji ija, koma akuti ichapidwe kaye ndi sopo wopanda fungo. Gwape amanunkhiza munthu ali kutali. Ndakana. Pakolala pakumvekabe mafuta aja ankadzola. M'nyumba yonse fungo lake latsala pokhapo.

Sanaumirire. Wangoti, m'Chingerezi chake chija, "Chabwino Mami, ndigula ina." Kenako ndamuona m'chipinda akuyesa ya bambo akeyo. Manja a jekete kumupitirira zala.

Loweruka, 1 Novembala

Ndachapa jekete ija ndekha, Tiyanjane ali kuntchito. Pamanja, m'beseni. Ndinayamba ndakhala nayo pamiyendo kwa kanthawi. Itauma ndaiika m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi masamba a paini, monga ankachitira mwini wake.

Atabwera anaiona ili m'thumbamo. Anangotsamiritsa mutu pamsana panga ine ndikutsuka mbale.

Lolemba, 3 Novembala

Maola atatu pagalimoto dzulo, kulowera kumpoto. Kanyumba ka matabwa ka a Howard, mzungu wachikulire amene ankasaka ndi Matthew. Iwo bondo lawavuta, angotipatsa kiyi.

Malamulo a Tiyanjane: osadzola, osatafuna chingamu, foni izimitsidwe, makiyi akulungidwe m'sokosi. Mphepo izikuwomba kumaso, osati kumsana. Mapazi atatu, kuima, kumvetsera. Kuponda chidendene kaye, pang'onopang'ono. Masamba ouma amalira ngati mapepala.

Ine ndiye ndasokoneza. Chifuwa. Ndinachigwira mpaka misozi, chinatulukabe. Tinangoona mchira woyera wa gwape ukulowa m'mitengo. Ndinkadikira mkwiyo. Iye kuseka mpaka kukhala pansi. Akuti bambo ake anathawitsapo atatu ndi zipi ya chikwama.

Sindinkadziwa. Kwa ine ankabwera ngati katswiri.

Lachitatu, 5 Novembala

Kunagwa kamvula, masamba afewa, mapazi osamveka. Cha m'ma 8 koloko gwape wamphongo, nyanga zazifupi, akudya m'mphepete mwa dambo. Tinamuyandikira kwa theka la ola. Mtima wanga unkagunda moti ndinkaopa kuti aumva. Tiyanjane anagwada, anatsamiritsa mfuti pamtengo. Anawombera kamodzi kokha. Gwape anagwa pomwepo.

Titafika, mwana anatulutsa mpeni kuti atumbule. Mpeni kugwa kawiri. Akuti pofika apa bambo ake ankamuuza kuti ayang'ane kumbali, ndiye sanaphunzire.

Ndinavula magolovesi. Ku Ntcheu ndasendapo mbuzi zingati, pa maukwati ndi pa maliro? Ndinatola mpeni uja. Anagwada pambali panga, n'kunena m'Chichewa chake chopunduka, "Amayi, ndiphunzitseni ine."

Ndinamugwira dzanja, mpeni uli m'dzanja lakelo. Tinayambira pamimba, mosamala kuti tisaboole matumbo.