Bulangete la Amayi

29 Disembala

Okondedwa Achemwali,

...ndiye wigi ija inauluka, kudutsa pawindo, n'kukatera pa waya wa aneba ngati khwangwala. Pepani, tsamba loyamba lanyowa ndi madzi a masaka, ndipo ine kulemba kawiri ayi, manja awa ndi owotcherera zitsulo. Koma mwini wigi mukumudziwa: alamu athu aja timawatchula kuti a Firiji, akazi a achimwene athu aakulu, aja ovala tayi ngakhale popita kuchimbudzi.

Anabwera kudzadya tchuthi kuno ndi ana awo onse. Asanakhale n'komwe pansi, a Firiji anayamba kudzikupiza ndi kachikwama, amvekere nyumba ino ndi uvuni, Amayi akupsa amoyo. Achimwene nawo anatsokomola kachifuwa ka muofesi n'kulengeza kuti pobwerera awatenga Amayi, akakhale kwawo kumene chipinda chilichonse chili ndi makina oziziritsa. Amayi omwe ndakhala nawo ine chimwalirireni bambo! Ndinawauza kuti pakamwa pa Amayi pakangotuluka mawu oti "kwatentha", awatenge, sutikesi ndinyamula ndekha.

Anthu amenewa, Achemwali, sadziwa kuti nyumba imaleredwa ngati mwana. Ine m'mamawa ndimatsegula zitseko ndi mawindo kuti kamphepo kalowe, dzuwa likangokwera ndimakatsekera momwemo, makatani gwa. Malata ndinapaka laimu, pamwamba pake n'kuyala masaka onyowa. Fani ndinapanga ndekha, ndinaichotsa pa injini ya lole, ndipo patsogolo pake ndimaika mabotolo a madzi oundana. Ntchentche ikadutsapo imayetsemula.

Koma a Firiji! Dzuwa lili paliwombo, iwo mawindo onse yasa, ati tikubanika. Kenako kuyatsa uvuni kuphika keke, poti ana awo tchuthi chopanda keke amadwala nacho. Anawo ndiye mbaula zoyenda ndi miyendo: kuthamangitsana m'nyumba, kutsegula firiji n'kumangoiyang'ana ngati TV, mpaka mabotolo anga kusanduka madzi osamba. Munthu wozolowera kudina batani sadziwa kumene mphepo imachokera. Magetsi akazima kwawoko, ndikhulupirira banja lonse limangogona chagada ngati mphemvu zothiridwa mankhwala.

Nditaona kuti akundiwonongera dala mpikisano, ndinaika fani pa giya yomaliza. Apo ndi pamene wigi inatsanzika. Tayi ya achimwene inaima chopingasa ngati mbendera, alamu anu a m'nyumba muno n'kuthawira kukhitchini kukasekera m'mbale.

Amayi ali bwino. Masiku ano amakonda kansalu konyowa m'khosi ndi mapazi m'beseni, koma ndi fashoni chabe. Kupuma mwawefuwefu kuja ndi ukalamba, ndipo zoti kutentha kumadana ndi mtima wawo ndi zonena za anamwino, anthu oti nyundo sanaigwirepo. A Firiji anawafunsa mpaka malovu kuuma: "Amayi, nenani zoona, simukumva kutentha?" Amayi anangoti: "Mwana wanga wakhalira kukwera padenga ndi ndowa tsiku lonse. Ine ndimve kutentha kuchokera kuti?"

Ndiye dzulo, pamaso pa onse, anandiitana kuti ndikawatengere bulangete lawo lija la mizeremizere, akuzizidwa. Bulangete, Achemwali, mwezi uno! Analifunda mpaka m'makutu. Nkhope ya a Firiji inaphwa pakati ngati keke yawo ija, achimwene n'kumayang'ana kudenga ngati ataya kiyi wa galimoto. Mukamauza anzanu kumeneko, muzinena kuti mlongo wanu anaziziritsa nyumba ya malata popanda batani.

Alamu anu akupereka moni, ana nawonso. Masaka ndatsitsa padenga, fani ndazimitsa, imangodya magetsi. Mukafuna kumva mawu a Amayi muziimba pa foni ya achimwene. Pempho langa ndi limodzi, poti inu a Firiji amakumverani: muwauze kuti makina awowo asalozetse pabedi, mawondo a Amayi ndi mphepo sizimwerana madzi. Tiyi azimwa wotentha, m'kapu yachitsulo, osati timagalasi tawo tija. Ndipo akamati ali bwino, asamawakhulupirire msanga.

Ndine mlongo wanu,
Katswiri wa mphepo

Ndisanamate envulopu: za wigi n'zoona, aneba ndi mboni. Za bulangete ndathirako mchere. Sanalifunde, ndipo sanalipemphe pagulu. Anandinong'oneza kuchipinda kuti ndiwaikire m'sutikesi, poti kumene akupitako amva kuti kumazizira. Mawu aja oti "kwatentha" Amayi sanawatchule mpaka galimoto kunyamuka. Ndinawatchula ndine, nditawapeza Amayi atatsamira khoma la kubafa, mpweya ukuwakana. Sutikesi ndanyamula ndekha, monga ndinalonjeza.