Mfundo ya pa waya wa lole

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Mlamu wanu uja amati Chulu ndi kutali tsopano wasamukira komweko, ndipo walima mtedza. Fodya wa chaka chino anachita bwino pang'ono, kungoti chigafa chinagwa mbali imodzi ndi mphepo ya mu Malichi. Nkhani yaikulu ndi yoti achimwene anga, a Limbani, ali ndi mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu, ndipo kukwiya kwake ndi kwanu komwe.

Ine ndidakali ku galaja kuja pa boma, kukonza zamagetsi a galimoto. Munkati ntchito yanga ndi yofufuza njoka mu udzu, chikhalirecho ndimapezabe ya sopo.

Ndikuuzeni zomwe zinachitika sabata yatha. Achimwene amayendetsa lole ya bambo Mwale, yonyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni. Lole imeneyi ilibe masipuling'i achitsulo kumbuyo, imakhala pa mabaluni a mpweya. Ndiye inayamba kupendekera kumanzere, nthawi zina n'kudzuka yokha, kenako n'kugwanso. Bambo Mwale anati palibenso china, Limbani amanyamula matola panjira ndipo waphulitsa baluni ndi katundu. Anawauza achimwene kuti zikapezeka kuti ndi choncho, asiye makiyi. Mwana wa milungu itatu ali m'nyumba, Amayi.

Anaibweretsa kwa ine, ndipo bambo Mwale anakhala pa benchi kuti aone ndi maso awo. Ndinakumbukira zija munkanena tikamadwala, kuti osathamangira mankhwala usanafunse pomwe pakupweteka. Ndinayamba ndi madzi a sopo, monga munkachitira ndi chubu cha njinga ya abambo. Ndinapaka baluni yonse ndi mapaipi ake, thovu silinatuluke. Mpweya unali wokwanira m'thanki. Fyuzi inali yamoyo. Pamenepo ndinadziwa kuti baluni ilibe mlandu, vuto lili ku magetsi, ndipo mtima unayamba kukhala pansi.

Pansi pa lole, pafupi ndi matayala, pali kachipangizo kotchedwa sensa. Kali ndi kamkono kamene kamakwera ndi kutsika lole ikamayenda, ndipo ndi komwe kamauza kompyuta ya lole kuti mbali ino yatsika, onjezera mpweya. Kakanama, kompyuta imakhulupirira bodzalo n'kutulutsa mpweya pomwe sipafunika. Ndinalowa pansi ndi mita yanga yoyezera magetsi. Magetsi opita ku sensa analipo, koma ndikagwedeza waya wobwerera, manambala amathawa n'kubweranso. Waya anali ataduka m'kati, kunja chikopa chili bwinobwino.

Nditatsata wayayo ndi chala ndinapeza chomwe chinamudula. Munthu anamumangirira ku kamkono kaja ndi chingwe chosokera fodya. Ndiye pa bampu iliyonse ya msewu wa ku Lisasadzi, kamkono kamakoka waya, mpaka anatopa.

Amayi, mfundoyo ndinaidziwa ndisanaikhudze. Yozungulira kawiri, kamchira kobwerera m'kati. Ndi ija munkatiphunzitsa pansi pa chigafa, mukutimenya zala tikamanga yothawa. Chitisiyireni inu, anthu omanga choncho tatsala awiri, ine ndi achimwene, ndipo ine sindinamange.

Ndinakhala pansi pa lolepo nthawi yaitali kuposa ntchito yake. Ndikanatha kudula chingwecho, kuchiika m'thumba, n'kunena kuti ndi makoswe. Palibe akanadziwa. Koma munkati bodza lili ngati fodya wonyowa pakati pa belo, amakanunkhira ku okushoni. Ndinatuluka n'kuwauza bambo Mwale zonse: kuti baluni ndi yabwino, lole sinalemedwepo, ndiponso kuti waya anaduka chifukwa cha chingwe. Anafunsa kuti wamanga ndani. Ndinayang'ana achimwene, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Achimwene anavula chipewa. Anati, “Ndine, bwana. Ndinaona waya akulendewera, ndinati angakodwe ndi chitsa.”

Bambo Mwale anadzuka pa benchi paja. Kenako anavomera kuti analakwa kuwatchula achimwene wakuba pamaso pa anthu, pomwe munthuyo amagwada m'fumbi kusamala lole yosakhala yake. Anawabwezera makiyi m'manja, n'kuwauza kuti tsiku lina akaona waya, aziimbira mlongo wawo, fodya yekha ndiye azimanga.

Ndinalumikiza waya watsopano, ndinamudutsitsa kutali ndi kamkono, n'kuuzanso kompyuta msinkhu woyenera. Lole inadzuka n'kuima mowongoka.

Achimwene sanandiyankhule mpaka eni lole atapita. Ndinkaganiza kuti akwiya, ndipo ndinali nditakonzeka kale kuwayankha, mukundidziwa. Koma anangoti, “Iwe, waya ndiye anaduka. Mfundo ija inamasuka?” Ndinati ayi, sinasunthe n'komwe. Tinaseka mpaka anthu kutiyang'ana. Ndakusowani, Amayi. Tsiku limenelo ndinakusowani kwambiri.

Chingwecho ndinadula m'mbali, mfundo sindinaimasule. Ili m'bokosi la zipangizo, pamodzi ndi mita. Mdzukulu wanu zala zikadzalimba ndidzamuphunzitsa kumanga kwake, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzamuuzanso malo osayenera kumangapo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tadala